Munthu akapulumutsa wosamudziwa, mawa lake amamukumbuka ndani?

Nangozo: Abale pa gulu lino, pali nkhani yomwe yakhala ikundivuta mumtima. Nthawi ndi nthawi timaona kavidiyo ka munthu wamba, wongodzidutsira ulendo wake, akudziponya m'madzi kapena kulowa m'nyumba yoti ikuyaka kuti atulutse munthu yemwe sanamuonepo n'kale lonse. Tonse timatumizirana kavidiyoko, kulemba kuti "ngwazi", ena mpaka misozi. Ikangotha sabata, zii. Ngakhale dzina lake sitilikumbuka. Ndiye ndikufunseni, anthu oterewa tiziwalemekeza motani kuti ulemuwo ukhale weniweni? Mendulo? Ndalama? Chipilala?

Dalitso: Ambiri mwa iwo safuna n'kutchuka komwe, achemwali. Mukawafunsa amangoti aliyense akanachita chimodzimodzi. Mwina kuwasiya mwamtendere ndiye ulemu.

Nangozo: Kusafuna kutchuka ndakumva, achimwene. Koma nanga akavulala? Nanga akafa n'kusiya ana?

Mphunzitsi Wopuma: Funso limeneli ndi lomwe linamugwira Andrew Carnegie, mpondamatiki wa zitsulo wa ku America. Pa 25 January 1904 mgodi wa malasha wa Harwick, pafupi ndi Pittsburgh, unaphulika ndipo anthu 181 anafa. Awiri mwa iwo sanali m'mgodimo pomwe umaphulika. Anali kunja, ali bwinobwino, koma anatsika pansi kukafunafuna otsala, n'kuphedwa ndi mpweya woipa. Mayina awo ndi Selwyn Taylor ndi Daniel Lyle. Chaka chomwecho Carnegie anaika madola 5 miliyoni m'thumba lotchedwa Carnegie Hero Fund, ndipo likugwirabe ntchito mpaka lero ku America ndi ku Canada. Anthu oposa 10,000 alandirapo mendulo yake, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse inakalandiridwa ndi achibale chifukwa mwini wake anali atafera pomwepo.

Chimene chimandikhudza ine pa thumba limeneli n'chakuti silithera pa mendulo. Amapereka ndalama kwa wopulumutsayo, amathandiza amasiye ake, amalipirira ana sukulu, ndipo ena amalandira thandizo kwa zaka zambiri. Komanso sangomva nkhani n'kukhulupirira. Amafufuza kaye, kufunsa mboni, kuona ngati munthuyo anaikadi moyo wake pachiswe, ndiponso ngati kupulumutsako sikunali ntchito yake yolembedwa.

Dalitso: Aphunzitsi, Carnegie yemweyo mbiri yake ndi antchito a m'mafakitale ake si yokoma ayi.

Mphunzitsi Wopuma: Zoona, mwana wanga, ndipo sindikumuyeretsa. Sitiraka ya pa fakitale yake ya zitsulo ku Homestead mu 1892 inathera m'magazi. Koma ganizo loti mkazi ndi ana a wopulumutsa asavutike chifukwa cha ubwino wa bambo wawo ndi ganizo lolondola, kaya lachokera kwa ndani.

Mayi a Mwayi: Ndakhala ndikungowerenga, koma ndiloleni ndilankhulepo chifukwa zimenezi zinagwa m'banja mwathu. Achimwene anga ankachokera ku ntchito mvula itagwa yambiri. Pa mlatho anapeza anthu ataunjikana, akukuwa, kamnyamata kakukokoloka ndi madzi. Sankakadziwa. Anavula nsapato, n'kuika foni m'kati mwa nsapato imodzi, n'kulowa. Anakagwira kamwanako n'kukakankhira pa nthambi pomwe anthu anatha kukakoka. Iwowo madzi anawatembenuza, anangoonekanso kamodzi. Tinawapeza tsiku lachitatu. Nsapato zija anatibweretsera ndi mayi wina, zili zouma, foni ikadali momwemo, ikuonetsa kuti alamu anga anaimba kambirimbiri.

Pa maliro kunabwera akuluakulu. Analankhula bwino, anajambulitsa ndi alamu anga, analonjeza kuti ana aphunzira. Ndinapita ku ofesi ina kukakumbutsa mpaka ndinatopa. Aliyense ankati amene akudziwa za nkhaniyo wachokapo. Mwana woyamba anasiyira sukulu panjira kuti azithandiza mayi ake. Amene sanatisiye ndi mayi a kamnyamata kaja. Alibe chuma, koma chaka chilichonse amabwera naye, tsopano ndi wamtali kuposa ine, amakhala pansi n'kucheza ndi ana a achimwene. Ndiye mukamati mendulo, ine sindikana. Koma ikanabwera yokha sindikudziwa kuti tikanaiyang'ana bwanji.

Nangozo: Pepani kwambiri, mayi. Ndasowa chonena.

Limbani: Pepani mayi athu. Mzimu wa achimwene uuse mumtendere.

Mphunzitsi Wopuma: Pepani, mayi. Zikomo potiuza, sichapafupi kulemba zimenezi pagulu.

Namwino Tiya: Pepani mayi. Ndionjezere kuti ngakhale amene atuluka amoyo savutika pang'ono. Ndinasamalirapo bambo wina amene anatulutsa anthu m'galimoto yomwe imayaka. Manja onse awiri anapsa, zala zinakungana, ndipo ntchito yake inali ya manja. Masiku oyamba anthu ankadzaza pa bedi lake. Pofika mwezi wachiwiri ankabwera ndi akazi awo okha. Usiku sankagona. Amene anawatulutsa sankawatchula n'komwe, ankangokamba za mmodzi amene analephera kumufikira chifukwa lamba anakana kumasuka. Munthu wotere amafunika womumvetsera, amafunika mankhwala, amafunika njira ina yopezera chakudya. Kumutcha ngwazi nthawi zina kumamutseka pakamwa, chifukwa amaona ngati ngwazi siyenera kudandaula.

Kondwani: Ndilankhule mosamala chifukwa sindikufuna kupweteka mtima wa mayi a Mwayi. Ine ndimaphunzitsa anthu kusambira, ndipo ndili ndi nkhawa ndi mmene timatamandira kudumphira m'madzi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'chaka cha 2021 chokha. Kawirikawiri pamalo pomwe pakanafa mmodzi pamafa awiri, chifukwa munthu womira saganiza. Amagwira chilichonse chomwe chamuyandikira n'kuchikwera kuti apume, ndipo mphamvu zake zimachuluka modabwitsa. Ngakhale katswiri wosambira akhoza kumizidwa ndi mwana. N'chifukwa chake timaphunzitsa kuti yamba wakuwa kuitana anthu, kenako m'patse mtengo wautali kapena nsalu uli chigonere pamtunda kuti asakukokere, kapena m'ponyere chingwe kapena chigubu chopanda kanthu chotseka bwino. Kulowa ndi njira yomaliza, ndipo ulowe utanyamula choyandama. Tikamangopereka ulemu kwa olowa okha, achinyamata aziganiza kuti kuponya chingwe ndi mantha.

Mayi a Mwayi: Simunandipweteke, achimwene. Tsiku limenelo pakanakhala chingwe pa mlatho paja, bwenzi ana aja ali ndi bambo wawo. Koma panalibe, ndipo mwana amapita. Sindingawaimbe mlandu achimwene anga.

Kondwani: Inenso sindingatero, mayi. Mlandu uli pa ife amene timasiya malo oopsa opanda chida chilichonse.

Dalitso: Koma a Kondwani, kodi mukuganiza kuti munthu amadumpha chifukwa wakumbukira kuti kuli mendulo? Taonani Wesley Autrey wa ku New York. Pa 2 January 2007 anali pa siteshoni ya sitima zapansi pa nthaka ndi ana ake aakazi awiri aang'onoang'ono. Mnyamata wina anadwala mwadzidzidzi n'kugwera pa njanji, sitima ikubwera. Autrey anadumphira pomwepo, anaona kuti nthawi yomukweza palibe, anamugoneka m'kangalande ka pakati pa njanji n'kumugonera pamwamba. Mabogi anadutsa pamwamba pawo moyandikira kwambiri moti chipewa chake chinadetsedwa ndi girizi. Onse awiri anatuluka amoyo. Zonsezi zinachitika m'masekondi ochepa. Mwa masekondi amenewo mulibe malo oganizira za ulemu.

Kondwani: Pa mphindi imeneyo saganiza, ndavomera. Koma chimene thupi limachita pa mphindi imeneyo chimachokera ku zomwe munthu anamva ndi kuyeserera kale. Autrey uja anagwirapo ntchito ya usilikali wa pamadzi, ndipo anali wozolowera ntchito ya zomangamanga. Anayeza ndi maso kuti m'kangalandemo akwanamo. Ndiye tiyeni tiphunzitse anthu, kuti mtima wabwinowo uzipeza manja odziwa chochita.

Namwino Tiya: Apa ndili ndi a Kondwani. Ndipo opulumutsa ambiri saika n'komwe moyo pachiswe. Munthu wagwa, sakupuma, wina wagwada n'kuyamba kupsinja pakati pa chifuwa, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, osasiya mpaka thandizo litafika. Ameneyo wapulumutsa moyo chimodzimodzi, koma palibe amene amamujambula.

Nangozo: Nkhani ya kujambulayi ndi imene ikundiwawa kwambiri. Zikukhala ngati ulemu ukutsata kamera.

Mphunzitsi Wopuma: Zinayamba kale, mayi. Pa 13 January 1982 ndege ya Air Florida inagunda mlatho ku Washington n'kugwera mumtsinje wa Potomac, madzi ataundana ndi kuzizira. Anthu 78 anafa. Ochepa anatsala atakangamira chidutswa cha kumchira kwa ndegeyo. Woyamba kulowa m'madzimo anali Roger Olian, mmisiri wa malata. Anamangidwa chingwe m'chiuno n'kuyamba kulimbana ndi zibuma za madzi oundana, akuwakuwira kuti alimbe mtima. Sanawafikire, anachita kumukoka atatheratu mphamvu. Kenako helikoputala itabwera, mayi wina analephera kugwira chingwe chifukwa anali atafooka kwambiri, ndipo Lenny Skutnik, wogwira ntchito mu ofesi ya boma, anavula chikhoti ndi nsapato n'kumusambirira. Apo makamera a wailesi yakanema anali atafika. Patangotha masabata awiri Skutnik anakhala pambali pa mkazi wa Purezidenti Reagan ku nyumba ya malamulo, dziko lonse likumuombera m'manja. Olian analandiranso mendulo, ya Carnegie yomwe ija, koma ndi ochepa amene amamudziwa.

Ndiye panali wachitatu, Arland Williams, mmodzi mwa okwera ndegeyo. Chingwe cha helikoputala chikafika kwa iye ankachipereka kwa mnzake. Pomwe amabwerera kudzamutenga anali atamira. Mlatho wina pamalopo unapatsidwa dzina lake.

Limbani: Aphunzitsi, nkhani ya Olian yandiphunzitsa kanthu. Sanatulutse munthu ngakhale mmodzi, koma anamulemekezabe. Ndiye kuti choyezera ndi chimene munthu analolera kutaya, kaya zinatheka kaya sizinatheke. Bambo wa manja opsa amene anena anamwino uja akanamva zimenezi mwina mtima ukanatsikako.

Dalitso: Ine pali mtundu wina wa ulemu umene umandisowetsa mtendere. Mukukumbukira Mamoudou Gassama? Mnyamata wa ku Mali, wa zaka 22, analibe mapepala okhalira ku France. Pa 26 May 2018 ku Paris anaona mwana wa zaka 4 akulendewera pa khonde la nyumba yosanja. Anakwera ndi manja okha, khonde ndi khonde, nsanjika zinayi, osakwana mphindi imodzi, n'kumukoka mwanayo. Patapita masiku awiri anali kunyumba ya boma ndi Purezidenti Macron, analonjezedwa unzika ndi malo kwa ozimitsa moto, ndipo unzikawo anapatsidwadi chaka chomwecho. Ndinasangalala naye. Koma dzulo lake munthu yemweyo akanakumana ndi apolisi akanatha kuthamangitsidwa m'dzikomo. Mtima wake unali womwewo. Kodi munthu azichita kukwera nyumba ndi zala kuti aoneke kuti ndi munthu?

Limbani: Ndi Lassana Bathily yemwe, wa ku Mali komweko. Mu January 2015 chigawenga chitalowa mu sitolo ya Ayuda ku Paris komwe ankagwira ntchito, iye, Msilamu, anabisa makasitomala m'chipinda chozizira cha pansi, n'kuzimitsa makina ozizitsa. Atatuluka kukaitana thandizo apolisi anayamba amumanga kaye unyolo, kumuyesa mnzake wa chigawengacho. Atamumvetsa ndi pomwe anawalongosolera mmene sitoloyo ilili m'kati. Nayenso anapatsidwa unzika mwezi womwewo.

Nangozo: Komabe a Dalitso, mukanakonda asapatsidwe?

Dalitso: Ayi, apatsidwe ndithu, anayenera. Chomwe ndikukana n'chakuti boma lizigwiritsa ntchito munthu mmodzi ngati chophimbira mmene likuchitira ndi anzake masauzande. Ndiponso Gassama akanakhala kuti sanajambulidwe, sindikukhulupirira kuti akanaitanidwa kulikonse.

Limbani: Ine ndikufuna tikambepo za malamulo, chifukwa ulemu woyamba kwa wothandiza ndi kusamuvutitsa. Anthu ambiri amadutsa munthu wovulala pamsewu chifukwa cha mantha, osati kuuma mtima. Amaopa kuti akamutengera kuchipatala afunsidwa mafunso osatha, asungidwa ngati mboni, auzidwa kulipira, mwinanso anamiziridwa kuti ndi amene amugunda. Ku India anaziona zimenezi, ndipo mu 2016 khoti lalikulu kwambiri m'dzikomo linalamula kuti wothandiza munthu wa pangozi asakakamizidwe kutchula dzina lake, asasungidwe kuchipatala, ndipo asalipitsidwe. Ku China nkhani inavuta mu October 2011 mumzinda wa Foshan, pomwe kamtsikana ka zaka ziwiri kanagundidwa ndi magalimoto awiri, anthu 18 n'kukadutsa kali chigonere. Amene anaima ndi Chen Xianmei, mayi wotola zinthu zotayidwa n'kumagulitsa. Kamwanako kanamwalira patapita masiku ochepa, ndipo ena anafika ponena kuti mayiyo amafuna kutchuka. Mu 2017 dzikolo linaika lamulo loti wothandiza mwakufuna kwake pangozi asaimbidwe mlandu wolipira ngati wothandizidwayo wavulala pothandizidwapo. France inapita patali, kumeneko kusiya munthu ali pangozi pomwe ukanatha kumuthandiza popanda kudziika pachiswe ndi mlandu.

Kondwani: Mawu oti "popanda kudziika pachiswe" ndi ofunika pamenepo. Lamulo silingakakamize munthu kufa. Kuimba foni kapena kukuwa ndi thandizo kale.

Mayi a Mwayi: Anthu 18 kudutsa mwana? Mtima wanga wauma. Kodi dziko lafika pamenepa?

Mphunzitsi Wopuma: Musataye mtima, mayi. Zoterezi zimachitika, koma si ndizo zochuluka. Kwa zaka zambiri tinkaphunzitsidwa kuti anthu akachuluka pamalo aliyense amayembekezera mnzake, mpaka wovutikayo kusowa womuthandiza. Maganizo amenewa anakula pambuyo pa kuphedwa kwa Kitty Genovese ku New York mu 1964, nyuzipepala italemba kuti anthu 38 anangoonerera. Pambuyo pake zinadziwika kuti nkhaniyo inakokomezedwa, ndipo panali mayi woyandikana naye nyumba amene anatuluka usiku womwewo n'kumufungatira. Posachedwapa katswiri wina, Richard Philpot, ndi anzake anaonera mavidiyo 219 a makamera a m'misewu ya ku Amsterdam, Lancaster ndi Cape Town, momwe anthu amakangana kapena kumenyana. M'mikangano 9 mwa 10 iliyonse panapezeka wina wolowererapo. Ndipo anthu akachuluka mwayi woti wina athandize unkakula. Makolo ankati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo zikuoneka kuti anthu ambiri amazimadi. Vuto lathu ndi loti ozimawo sitiwalemba paliponse.

Nangozo: Kulemba kumeneko ndi komwe ndimafuna timvane. Pali kwina komwe anayesapo kusunga mayina a anthu wamba oterewa?

Mphunzitsi Wopuma: Kulipo. Ku London kuli kapaki kakang'ono kotchedwa Postman's Park. Wojambula zithunzi George Frederic Watts ndiye anabweretsa ganizo mu 1887, ndipo khoma lake linatsegulidwa mu 1900. Pakhomapo pali matailosi, lililonse lili ndi dzina la munthu wamba amene anafa populumutsa wina, tsiku lake, ndi mizere iwiri kapena itatu yofotokoza zomwe zinachitika. Ambiri ndi antchito wamba, ena ndi ana. Malo anakonzedwa a matailosi 120 koma alipo 54 okha. Kwa zaka 78 sipanaonjezedwe dzina, mpaka mu 2009 pomwe anaikapo la Leigh Pitt, wa zaka 30, amene anamira mu 2007 atapulumutsa mnyamata wa zaka 9 m'ngalande ku Thamesmead. Chimene ndimakondera khoma limeneli n'chakuti silinena zambiri. Limangotchula dzina, ntchito ya munthuyo ndi chimene anachita, ndipo mdzukulu akhoza kupita kukaliwerenga patatha zaka 100.

Dalitso: Koma onse ndi akufa, aphunzitsi. Amoyo ngati bambo wa manja opsa uja khoma siliwathandiza.

Namwino Tiya: Iwowo chomwe ankasowa ndi woti awalipirire chithandizo chowongola zala, ndi wowaphunzitsa ntchito ina. Ine ndikanakhala wopanga malamulo ndikanayambira pamenepo: wovulala populumutsa mnzake azithandizidwa kuchipatala mpaka atachira osalipira kanthu, ndipo akafa ana ake aziphunzira mpaka pomwe nzeru zawo zawafikitsa. Zikhale zolembedwa, zoti banja likhoza kukafunsa ngati ufulu wake. Zisamadalire chifundo cha amene walankhula pa maliro.

Limbani: Ndipo pakhale ofufuza ngati a Carnegie aja, kuti mboni ziwiri zitatu zikwanire ngakhale palibe kavidiyo. Apo ayi tibwereranso kwa ojambulidwa okha.

Mayi a Mwayi: Dzina pakhoma ndingalikonde, sindinama. Mwana womaliza anali wakhanda, bambo ake sawadziwa. Amangomva kwa ife. Atakaliona lolembedwa ndi anthu ena akhoza kudziwa kuti sitikungomutonthoza. Koma sukulu ikhale patsogolo.

Nangozo: Mayi, ana awiri otsalawo akadali pa sukulu? Ndipo wamkuluyo atapeza mwayi angabwerere?

Mayi a Mwayi: Awiriwo akuphunzira, movutikira. Wamkulu amanena zofuna kuphunzira ntchito ya zamagetsi.

Nangozo: Ndiye ndikupempheni chilolezo, ndikulembereni kumbali. Pa gulu lino tilipo ambiri, ndipo amene angafune kutengapo mbali andiuze kumbali komweko. Sitiika mayina a ana kapena zithunzi zawo pano.

Mayi a Mwayi: Ndiyambe ndafunsa alamu anga, ana ndi awo. Analonjezedwapo zambiri, ndiye sindifuna kuwapatsa chiyembekezo tisanadziwe chomwe chingathekedi.

Limbani: Mwanena bwino, mayi. Tiyambe taona chomwe tingakwanitse kwa chaka chathunthu, kenako muwauze. Ine mundiwerengere.

Kondwani: Inenso. Ndipo Loweruka nditumiza pano zithunzi zoonetsa kaponyedwe ka chingwe ndi kamangidwe ka chigubu, kuti amene amakhala pafupi ndi madzi akonzeretu. Anamwino, mungaonjezerepo za kupsinja chifuwa?

Namwino Tiya: Nditero, ndi kagonekedwe ka munthu wokomoka koma akupuma. Kwa womira musaiwale kuti mpweya wa pakamwa ndi wofunika kwambiri, chifukwa vuto lake layambira pa kusowa mpweya. Koma zithunzi pazokha sizikwanira, aliyense apeze komwe amaphunzitsa chithandizo choyamba akayeserere ndi manja ake.